Zimene ndaphunzira posankha mabuleki a mafuta a njinga ya m'mapiri

Njinga yanga ya m'mapiri, imene ndinagula kwa munthu, ikufunika mabuleki atsopano, ndiye masiku ano ndakhala ndikuwerenga za mabuleki a mafuta, aja opana disiki pakati pa gudumu. Funso loti ndigule a kampani ya Shimano, SRAM kapena Magura ndinaliika kaye pambali nditachita kasamu kena ka fizikisi ya ku sekondale.

Samu yake ndi iyi. Munthu pamodzi ndi njinga yake alemere makilogalamu 90, ndipo atsike phiri lotalika mamita 500. Mtsetse wotere si wosowa, aliyense wotsika phiri la Zomba kulowa m'tauni amakumana nawo. Tikachulukitsa 90 ndi 9.8 (kukoka kwa dziko) ndi 500 tipeza majulo 441,000, amene ndi mphamvu yoyenera kuthera penapake potsikapo. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 20 mpaka kuwira kumafuna majulo pafupifupi 335,000. Mphamvu ina imathera mu mphepo ndi m'matayala, inde, koma pamalo otsetsereka kwambiri, pomwe ukutsika pang'onopang'ono zala zili pa buleki, yambiri imasanduka kutentha pa madisiki awiri opyapyala, a mamilimita 2 kapena kucheperapo. Ndiye buleki iliyonse ndinayamba kuifunsa kuti, ikatentha imatani?

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta. Ndi lamulo lija la Blaise Pascal wa ku France: ukapanikiza madzi otsekeredwa, mphamvuyo imafika paliponse mofanana. Ku handulo kuli pisitoni yaing'ono, kumunsi mu kalipa, chija chopana disiki, muli mapisitoni aakulupo, pakati pali paipi yodzaza mafuta. Chala chimakankha pisitoni yaing'onoyo mtunda wautali, aakuluwo n'kuyenda pang'ono chabe koma mwamphamvu zedi. Zonsezi zimatheka chifukwa mafuta safinyika. Mpweya umafinyika. Kathovu kamodzi kakalowa mu paipi, chogwirira buleki chimafewa, ndipo mafuta akawira n'kutulutsa nthunzi, chogwiriracho chimafika mpaka pa handulo njinga ikupitabe.

Apa ndi pomwe ndinachedwa kwambiri, pa nkhani ya mafuta. Alipo a mitundu iwiri. Shimano, Magura ndi Tektro amagwiritsa ntchito mafuta a mineral. Hope, ndiponso mabuleki ambiri a SRAM a zaka zapitazi monga Level, Guide ndi Code, amagwiritsa ntchito DOT, mtundu womwewo wa m'galimoto. DOT ali ndi malamulo ake odziwika: DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, DOT 5.1 madigiri 260. Vuto lake ndi lakuti amayamwa chinyezi cha mu mpweya, ndipo akayamwa madzi okwanira, malire aja amatsika kufika pa 155 kwa DOT 4 ndi 180 kwa DOT 5.1. N'chifukwa chake amafunika kusinthidwa chaka ndi chaka, ndipo botolo lotsegula kale silidalirika. Akadonthera pa felemu amasupulanso penti. Mafuta a mineral sasakanikirana ndi madzi, botolo lake limakhala nthawi yaitali osawonongeka. Koma khalidwe lomweli lili ndi kuipa kwake: madzi akapeza polowera amatsikira pansi, mu kalipa momwe mumatentha kwambiri, ndipo amawira pa madigiri 100 basi.

Pa pepala palibe wopambana mnzake mwachionekere. Kwa ife kuno, kusiyana kwake kuli pa kapezekedwe. DOT 4 umamupeza m'sitolo iliyonse ya zipangizo za galimoto, pomwe mafuta a mineral a njinga nthawi zambiri umachita kuitanitsa. Poyamba izi zikuoneka ngati zikukomera DOT, koma ngozi yabisala pomwepo. Makaniko wozolowera magalimoto ndi njinga zamoto akaona buleki yofewa, dzanja lake limapita ku botolo la DOT. Akathira mu Shimano, timphira ta m'kati timawonongeka chifukwa tinapangidwira mafuta ena, ndipo buleki yonse yatha. Kuthira mineral mu buleki ya DOT n'chimodzimodzi. Dzina la kampani silikwaniranso kukuuza, pakuti SRAM ili ndi mabuleki a mineral tsopano, monga Maven amene anatuluka mu 2024. Werengani zolembedwa pa buleki penipenipo, pafupi ndi pothirira mafuta. Ndipo DOT 5, wopanda .1 kumapeto, ndi wa silikoni, salowa mu buleki ya njinga ya mtundu uliwonse mwa iwiriyi.

Za mapisitoni awiri kapena anayi anthu amakangana kwambiri, koma ine ndaona kuti nkhaniyi ndi yaifupi. Anayi sakutanthauza mphamvu yowirikiza kawiri, chifukwa pisitoni iliyonse imakhala yaing'onopo. Phindu lake lalikulu ndi padi yaitali (padi ndi kachidutswa kamene mapisitoni amakankhira pa disiki), yofalitsa kutentha pamalo aakulu. Chimene chimasintha zinthu motchipa ndi kukula kwa disiki. Kuchoka pa mamilimita 160 kupita pa 180, padi imagwira patali ndi pakati pa gudumu, ndipo mphamvu yoimitsa imakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Pa 203 imakwera kuposa kota. N'chimodzimodzi ndi kumasula nati yolimba ndi sipanala yaitali. Disiki yaikulu ilinso ndi chitsulo chambiri chosunga ndi kutaya kutentha. Chofunika n'kuona kaye kuti foloko yanu imalola disiki yaikulu bwanji, ndi kugula kachitsulo kokweza kalipa koyenerana nayo.

Mapadi ndiwo adzakudyereni ndalama kwa zaka zonse, osati buleki. Alipo a resin, ofewa, osalira kwambiri, ogwira bwino akadali ozizira, koma matope a mchenga a nthawi ya dzinja amawanyenya msanga. Alipo a chitsulo, opirira kutentha ndi matope, ngakhale amalira ndiponso amadya disiki. Kanthu kamene ambiri sakaona ndi timalemba tating'ono pa madisiki otchipa a Shimano, tonena kuti disikiyo ndi ya mapadi a resin okha. Ukaikapo a chitsulo imatha mwachangu. Pa disiki pomwepo palembedwanso malire a kupyapyala, kwa Shimano ndi mamilimita 1.5, ndipo padi amati isinthidwe ikatsala theka la milimita. Ndinatenga tochi n'kusuzumira mu kalipa ya kumbuyo ya njinga yanga: padi imodzi yatsala ngati chikhadabo, inzake ikadali yonenepa. Zikatero ndiye kuti pisitoni imodzi yakakamira ndi fumbi, inayo ikugwira ntchito yokha.

Maonekedwe a padi nawo amasiyana buleki ndi buleki, ndipo apa ndi pomwe chisankho changa chinapendekera. Shimano MT200, buleki yotchipa ya mapisitoni awiri yopezeka pa njinga zambiri zatsopano, imalowa padi ya B01S, imene tsopano ikutchedwa B05S. Mabuleki ambiri a Tektro amalowa padi ya maonekedwe omwewo, ndipo makampani ena ambiri amapanga zofanana nayo. Magura MT5 ndi buleki yamphamvu, mapisitoni anayi, ndipo amene anaigwirapo amaiyamikira, koma padi yake ndi yakeyake, disiki yake ndi yonenepa mamilimita 2, ndipo kampani imafuna mafuta ake omwe. Wokhala ku Cape Town kapena ku Manchester, komwe sitolo ya njinga ili pafupi, izi sizimudetsa nkhawa. Ine padi ikatha pakati pa Febuluwale, sindikufuna njinga ikhale pakhonde kudikira katundu wochokera kunja.

Musaiwale kuyang'ana pakati pa gudumu musanalipire: madisiki ena amamangidwa ndi mabawuti asanu ndi limodzi, ena ndi mphete imodzi ya Center Lock. Utali wa paipi nawonso uyezedwe, makamaka ya kumbuyo, chifukwa yaitali imadulidwa koma yaifupi siikoka.

Ine ndatsamira ku MT200, disiki ya 180 kutsogolo ndi 160 kumbuyo, poti buleki ya kutsogolo ndi imene imasenza ntchito yambiri potsika. Ndikudziwa malire ake. Ndi ya mapadi a resin okha, chogwirira chake n'chachitali cha zala ziwiri kapena zitatu, ndipo munthu wolemera wokonda kutsika mwaliwiro m'njira za miyala adzaitopetsa. Woteroyo aganize za Shimano Deore M6120 ya mapisitoni anayi, mapadi a chitsulo ndi disiki ya 203 yolola mapadiwo, ndipo ndalama yowonjezerayo sadzanong'oneza nayo bondo. Poitanitsa ndiphatikiza botolo la mafuta a Shimano, kafanelo kotulutsira mpweya ndi mapadi ena apadera mu katundu yemweyo. Zikafika, ntchito yoyamba ndi kuzoloweretsa mapadi: kupalasa pamalo athyathyathya, kugwira buleki mwamphamvu mpaka liwiro litsike kwambiri koma osaima, n'kubwereza kangapo kufikira buleki iyambe kuluma. Disiki osaigwira ndi zala zamafuta, ndipo pothira oyilo pa tcheni, nsanza ikhale itaphimba kalipa ya kumbuyo.