Ulendo wa ku Lusaka ndi pepala lonunkha nsomba

Tinanyamuka ku Lilongwe tambala asanalire, anthu 9 a kagulu kathu kowerenga kafukufuku wa maumbidwe a mapuloteni. Pa chipata cha malire cha Mwami tinadutsa bwinobwino. Vuto linatipeza pa mlatho wa Luangwa, pomwe tayala la basi linaphulika, tinakhala maola 3 padzuwa lowamba. A Msungichuma, mtima wa mayi, anatigulira nsomba zouma pamsika wa pomwepo n'kuziika m'chikwama chimodzi ndi mapepala omwe anzathu a ku Lusaka anatitumizira kuti tiwerengeretu. Pofika pa depoti ya mabasi ya Intercity ku Lusaka usiku, pepala lililonse linali litamwa mafuta. Lomwe linanona kwambiri ndi lija anatitumizira atabisa mayina a olemba ndi chaka, ndipo mpaka lero timalitchula kuti pepala la nsomba.

Mkangano unabuka Lachiwiri ku UNZA, yunivesite ya dziko la Zambia, pa pepala lomwelo. Linali la puloteni ya MsbA, ndipo anzathuwo anangotiuza kuti linatuluka mu Science. A Tcheya analiikira kumbuyo ndi mtima wonse: magazini yaikulu chotere ingalole bwanji cholakwika? Apo n'kuimirira achemwali athu a ku Katete, amene akuchita PhD ku UNZA komweko. "Ba Tcheya, chithunzi n'chokongola, koma mapu ali kuti?" Ankanena mapu a electron density, omwe chithunzi chimamangidwirapo. Anatikumbutsa kuti pa 4.5 Å, mlingo wa mapu a pepalali (nambalayi ikachepa, mapu amaoneka bwino), umangoona thunthu la puloteni ngati mtengo m'nkhungu, pamene pa 2 Å ngakhale mamolekyu a madzi amaoneka. Mawu anakwera, tiyi anazizira m'makapu, ena mwa ife tinagawanika pakati. Kenaka anzathu a ku Lusaka anaulula: linali pepala la Geoffrey Chang la 2001, limodzi mwa mapepala 5 omwe Chang anawabweza atapezeka kuti ndi olakwika. Pulogalamu ya kompyuta yopangidwa mu labu mwawo inasinthanitsa mizere iwiri ya manambala, mapu n'kutembenuka ngati dzanja pagalasi. Zinaululika mu 2006 pamene Dawson ndi Locher anatulutsa maumbidwe a Sav1866, puloteni yachibale, osafanana nawo m'pang'ono pomwe. A Tcheya anakhala chete, kenaka anadzuka n'kukagwira chanza cha achemwaliwo pamaso pa tonse. Ine pamenepo ndinawanyadira kwambiri.

Masiku otsalawo tinaphunzira kuona R-free, muyeso womwe Axel Brünger anabweretsa mu 1992 poika padera kagawo kochepa ka deta kuti kayesere modelo (chithunzi cha puloteni chija), komanso tchati cha Ramachandran choonetsa mapindidwe a puloteni, ndi lipoti lomwe Protein Data Bank, nkhokwe ya maumbidwe a mapuloteni, imapereka pa puloteni iliyonse. Tinagwirizananso kuti zotuluka mu pulogalamu ya kompyuta ya AlphaFold tizizilemba kuti ndi zolosera, osati zoyezedwa.

Zikomo achimwene a ku Kalingalinga potigoneka anthu 4 pabalaza panu, ndi amayi awo potidyetsa ifisashi ndi chikanda mpaka malamba kumasuka. A Mlembi, amene munafunsa kuti "mapu ali kuti?" titasokera ku Soweto Market, chitenje chanu chomwe munaiwala chikubwera ndi a Msungichuma. Anzathu a ku Lusaka alonjeza kudzatichezera mvula ikatha, ndipo ulendo uno pepala lobisa mayina tisankha ndife.