Mwana wa kunyanja safuna piritsi

Ine ndinabadwira ku Nkhotakota, ndipo kunyadira zimenezi ndi kumene kunandigwetsa m'mavuto.

Nthawiyo n'kuti ndili ku Tromsø, kumpoto kwa Norway, pa maphunziro a za usodzi. Amayi akunyumba anabwera kudzandiona mu Disembala, pamene dzuwa kumeneko silituluka n'komwe. Limalowa kumapeto kwa Novembala n'kudzaonekanso pakati pa Januwale. Amene amati masana ndi kakuwala kobiriwira ka maola owerengeka, ngati m'bandakucha umene wasintha maganizo panjira. Pofuna kuonetsa kuti mwamuna wawo wazolowera dziko la eni, ndinagula matikiti awiri a boti lokaonera anamgumi ku Skjervøy. Mtengo wake sinditchula, apongozi anga amawerenga za pa intaneti.

Kale anamgumiwa ankafika kufupi ndi Tromsø komweko, koma cha m'ma 2017 nsomba za herring zimene amadya zinasunthira kumpoto, iwo n'kutsatira ndiwo zawo. Ndiye ulendo wake ndi wa maola pafupifupi atatu popita, atatunso pobwerera.

Padoko, mtsikana wogwira ntchito m'botimo ankagawa timapiritsi toletsa mseru. Amayi, mwana wa ku Dedza, amene madzi aakulu omwe anawolokapo ndi Linthipe, komanso pamlatho, analandira kamodzi ndi manja awiri n'kumeza.

"Abambo, imwani nanu."

"Ine? Ine amene ndinakwera Ilala kuchoka ku Nkhotakota mpaka ku Likoma mwera uli pachimake, kwinaku ndikutafuna chinangwa?"

Ndinamufotokozeranso mtsikanayo kuti kwathu kuli nyanja yotalika makilomita oposa 500, ndipo ine ndinayamba kupalasa bwato ndisanayambe sukulu. Anandimwetulira ngati nesi amene wamva bambo wamkulu akulumbira kuti saopa jakisoni. Piritsi lija analibwezera m'thumba pang'onopang'ono, ngati akuti tionana.

Ola loyamba linayenda bwino. Madzi anali phee pakati pa mapiri oyera mbee, m'kati mwa boti muli fungo la khofi. Ndinadya mawafulo atatu okhala ndi tchizi chawo chofiirira chija chotsekemera ngati tofi, n'kutsirapo makapu awiri a khofi, uku ndikuwaphunzitsa amayi mmene munthu amaimira m'boti: miyendo tang'a, mawondo ofewa. Mzungu wina wachikulire amene anakhala moyang'anana nafe ankangogwedeza mutu, nkhope ili yotuwa kale. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinamuuza kuti aziyang'ana kutali.

Kenako mapiri anatha mbali imodzi, nyanja yaikulu n'kutipeza.

Ndinene chilungamo, mafunde a kwathu ndi aulemu. Amakumenya mbama pafupipafupi, pha pha pha, umadziwa kuti muli pa ndewu. A kumeneku sathamanga. Amakunyamula pang'onopang'ono ngati akukuonetsa kwa alendo, akuimika m'mwamba kanthawi, kenako n'kukusiya. Thupi limatsika, m'mimba mumatsala kumwamba. Funde lachisanu lisanadutse, mawafulo aja anayamba kufunsana njira.

Ndinavala chiovololo chokhuthala chimene amakubwereka, ndinauza amayi kuti ndikukaona kayendedwe ka injini, n'kuthamangira kumbuyo kwa boti. Kumeneko ndi kumene ndinakhala ulendo wonse, nditakumbatira chitsulo chozizira ngati mbale wanga wobwera kuchokera ku Joni.

Za anamgumi ndinazimva pa chimkuzamawu. Mtsikana uja ankalengeza mosangalala kuti tapeza gulu la ma orca, akuda ndi oyera aja. Ankati kwenikweni ndi abale a ma dolphin, ndipo chipsepse cha pamsana cha yaimuna chimatalika pafupifupi mamita awiri. Ankati amazungulira nsomba mpaka ziunjikane pamodzi ngati mpira, kenako amazimenya ndi mchira kuti zikomoke n'kumatola imodziimodzi. Zonsezi ndinali nditaziwerenga m'kalasi, ndipo ndinakhoza bwino. Anthu kutsogolo ankakuwa, makamera ali tcheketcheke, ndipo pamwamba pa mawu onse ndinkamva a mkazi wanga:

"Abambo! Abambo, taonani kamwana kake! Muli kuti kodi?"

Ndinali pa ntchito.

Koma Mulungu saiwala wake. Ndili chiweramire choncho, madzi pansi panga anada, kenako anatupa. Chinatuluka chimsana chakuda, chachitali ngati basi ya ku Lilongwe. Anali namgumi wa linunda, wolemera mwina matani 30, amene amadzadya kuno m'nyengo yozizira asanapite kukaswana kumadzi ofunda. Anthu analipira ndalama zambiri kuti amuone patali ndi zoonera, koma iye anasankha ine. Anapuma kamodzi, fuuu, mphepo n'kubweretsa nthunzi yonseyo kumaso kwanga.

Mabuku sanena za fungo limeneli. Tengani thumba la usipa wosauma bwino, muliiwale m'buti ya minibasi sabata yathunthu mu Okutobala, ndiye mulitsegule ndi mano. Ndinali ndikuganiza kuti m'mimba mwatha zonse. Ayi, munali mutatsala nsima ya dzana. Namgumi anakweza mchira mwaulemu n'kumira, ine n'kumuperekeza ndi mphatso.

Pobwerera ndinakwawa kukapempha piritsi lija. Mtsikana uja sanaseke, ndimamulemekeza mpaka lero. Anangoti limagwira bwino ukamwa ulendo usanayambe, panopa lingondigonetsa. Mzungu wachikulire uja, amene tsopano ankadya supu, anandisunthira malo pabenchi n'kundiuza kuti ndiziyang'ana kutali.

Ndinadzidzimuka amayi akundigwedeza. Kunja kunali mdima wa ndiweyani, magetsi a m'kati atazimitsidwa, anthu akukankhana pakhomo.

"Dzukani, kumwamba kwayaka!"

Kuwala kwa kumpoto kuja, aurora. Ndinati ichi chokha sichindiphonya. Poona kuti khomo la anthu ladzaza, ndinatulukira lina, mutu uli zii ndi piritsi. Ndipo ndinakuonadi: kubiriwira kowala, kukuvina mu nkhungu ya madzi, pafupi zedi moti ukanatha kukugwira. Foni ndinali nditaisunga m'khwapa chifukwa kuzizira kumamaliza batire ngati mbava. Ndinaitulutsa, ndinajambula chithunzi chimodzi chakuthwa bwino, ndipo misozi inalengeza.

Titayandikira Tromsø ndinachitumiza pa gulu la WhatsApp la kubanja. Ndinalembapo ndi phunziro lomwe, poti ndine wophunzira: kuti timphamvu tochokera kudzuwa timawomba mpweya wa okosijeni pamtunda wa makilomita oposa 100, ndiye umawala mobiriwira. Achemwali anayankha kuti Mulungu ndi wamkulu. Asuweni anaika chithunzicho pa status.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Anati chimene anaona iwo chinali kumwamba, chotuwa ngati utsi poyamba, kenako chinatambasuka mlengalenga monse n'kumagwedezeka ngati nsalu pachingwe. Ndinawauza kuti zimatengera pamene waima.

M'mawa kunabwera uthenga wamawu wochokera kwa amalume, amene anagwira ntchito m'sitima za panyanja yathu mpaka kupuma. Anayamba ndi moni wautali, anafunsa za chisanu, kenako anatsokomola.

"Mphwanga, chithunzi chako ndachiona. Imeneyo ndi nyale ya kudzanja lamanja la boti. Ya kumanzere imakhala yofiira, ukadzapitanso udzaijambule kuti zikhale ziwiri."

Pofuna kundipulumutsa, amayi anatumiza vidiyo yawo ya ma orca. Yokongola kwambiri, zipsepse zikudula madzi, kamwana kali pambali pa make. Koma chapansipansi, kuseri kwa mphepo, mumamveka kubuula kwakutali, kobwerezabwereza, kochokera pansi pa mtima. Amalume anafunsa ngati kumeneko ndiko kulira kwa namgumi kumene amamva pa wailesi.

Amayi anayankha ndisanawalande foni: "Ayi amalume, ameneyo ndi wa ku Nkhotakota."