Zikomo a Liam Hendriks, ndi nonse amene munandilandira katundu

Abale, alongo ndi anzanga nonse, Lachitatu lapitali dokotala wanga anatembenuza kompyuta yake kuti ndidzionere ndekha zithunzi za m'thupi mwanga, ndipo anandiuza kuti chizindikiro cha khansa sichikuonekanso paliponse. Patha chaka chathunthu kuchokera mu Malichi 2023 pamene anandipeza ndi non-Hodgkin lymphoma, khansa imene imayambira m'mwanabele, ndipo popeza ambiri munadziwa za kudwala kwanga, ndaona kuti ndi bwino kuti kuthokoza kwanga kukhalenso kwa poyera. Ambiri mwa inu ndakuthokozani kale pamaso kapena pa foni. Watsala munthu mmodzi amene sindinakumanepo naye, amenenso sadziwa n'komwe kuti ndilipo, koma ntchito yake inandilimbitsa mtima m'miyezi imene thupi linali litandikana. Munthuyo ndi a Liam Hendriks, woponya mpira wa baseball wochokera ku Perth m'dziko la Australia.

Ndinafika ku Chicago ndikudziwa mpira wamiyendo wokha. Baseball anandiphunzitsa ndi gogo wina amene ndinkamusamalira kunyumba kwake madzulo, munthu wokonda timu ya White Sox chiyambire ubwana wake, amene ankaonera masewero aliwonse ali ndi pensulo ndi pepala pamwendo, n'kumalemba zonse zochitika m'bwalo. Anandifotokozera kuti masewero amakhala ndi zigawo 9 zotchedwa inning, ndipo woponya woyamba nthawi zambiri amafika chigawo cha 5 kapena cha 6 mkono usanaleme. Akatopa, kapena omenya mpira ndi ndodo a timu inayo akayamba kumudziwa, mkulu wa timu amatuluka n'kukamulanda mpira, kenako amakodola kumalo ena a kumapeto kwa bwalo otchedwa bullpen, kumene oponya ena amakhala akudikira. Oponya amenewa ndiwo ma reliever, ndipo ine ndinawamvetsa msanga chifukwa ntchito yawo ndi yofanana ndi ya anthu olandirana machira ponyamula wodwala kupita naye kuchipatala: wina phewa likamuwawa, mnzake amalowapo ulendo usanaime. Sadziwa tsiku kapena mphindi imene foni ya ku bullpen idzalire chifukwa cha iwo, ndipo kawirikawiri amalowa zinthu zitathina kale. Wodalirika kuposa onse amasungidwira chigawo chomaliza kuti atseke masewero timu yake ikutsogola pang'ono, ndipo akatero amamulembera save. Ku White Sox, kuyambira mu 2021, ntchito yotsekayo inali ya a Hendriks.

Gogo uja ankawakonda chifukwa cha moto wawo, pakuti akamutulutsa womenya womaliza ankakuwa ndi kukunga chibakera ngati munthu wogwidwa ndi mzimu. Ine chimene chinandikoka ndi njira imene anadutsa kuti afike pamenepo. Anabadwa mu 1989, ndipo anayamba kusewera mu ligi yaikulu mu Seputembala 2011 ku Minnesota Twins ngati woponya woyamba, koma sizinawayendere. Kumapeto kwa 2013 Minnesota inawataya, ndipo m'miyezi yochepa ya dzinja limodzi dzina lawo linadutsa ku Chicago Cubs, ku Baltimore Orioles ndi ku Toronto Blue Jays, iwo asanaponyereko matimu awiri oyambawo ndi mpira umodzi womwe pa masewero. Mu 2014 anagulitsidwa ku Kansas City Royals, n'kubwezedwanso ku Toronto chaka chomwecho. Kumeneko ndiko anasanduka reliever weniweni mu 2015, asanapite ku Oakland Athletics. Ngakhale ku Oakland, mu Juni 2018 anachotsedwa pa mndandanda wa timu, ndipo matimu ena onse atapatsidwa mwayi wowatenga panalibe ndi imodzi yomwe imene inawafuna, mpaka anatsitsidwa kukasewera ku ligi yaing'ono ku Nashville ali ndi zaka 29. Pa msinkhu umenewo oponya ambiri amalongedza katundu n'kubwerera kwawo.

A Hendriks anabwerera ku Oakland mu Seputembala chaka chomwecho akuponya mwamphamvu kuposa kale. Mu 2019 anatulutsa omenya 124 mwa strikeout (womenya kulephera katatu mpira woponyedwa) m'zigawo 85 ndipo anasankhidwa kukasewera nawo All-Star, masewero a akatswiri osankhidwa m'matimu onse. Analandira mphoto ya reliever wopambana mu American League, imodzi mwa mbali ziwiri za ligi yaikulu, mu 2020 ndi mu 2021, mphoto yotchedwa dzina la Mariano Rivera, reliever wotchuka wakale wa New York Yankees. White Sox inawalemba ntchito mu Januwale 2021 pa mgwirizano wa madola 54 miliyoni, ndipo chaka chimenecho anatseka masewero 38, kuposa wina aliyense mu ligi yawo, atatulutsa omenya 113 ndi kupereka ulendo waulere wa ku base yoyamba kwa anthu 7 okha. Amene amaudziwa mpirawu akudziwa kuti kulunjika kotero, mpira ukuchoka m'manja pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola kulowera pa kachigawo kakang'ono mamita 18 kutsogolo, si chinthu chimene oponya ambiri amachifikira. Mu 2022 anatsekanso masewero 37.

Pa 8 Januwale 2023 analengeza kuti apezeka ndi non-Hodgkin lymphoma, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti inali itafika pa siteji 4. Gogo uja anali atatisiya kale, choncho nkhaniyi ndinaiwerenga ndekha, ndikuwamvera chisoni ngati mmene munthu amamvera chisoni mlendo. Patangotha miyezi iwiri, ine ndemwe ndinakhala m'chipinda cha dokotala ndikumva dzina lomwelo la matenda likutchulidwa pa ine, chifukwa cha chotupa cha m'khosi chimene ndinkachiyesa mwanabele wamba. Mantha amene ndinali nawo sindingawabise. Ndinaganiza za ana, za mayi anga kumudzi, ndi za mtengo wotumiza maliro kuchokera kuno.

Ndinayamba kulandira mankhwala a chemo mu Epulo, mwezi womwewo umene a Hendriks anamaliza awo. Pa 20 Epulo analengeza kuti khansa yatha m'thupi mwawo. Chimene ndinkachitsatira kwambiri masiku amenewo ndi nkhani yakuti ngakhale pakati pa mankhwala ankapitabe kukaponya mpira pokonzekera kubwerera, ngati munthu wodziwa kuti foni ya ku bullpen ikhoza kulira tsiku lililonse. Ine sindikanatha kuponya kanthu, koma ndinayamba kudzuka m'mawa uliwonse, kuvala nsapato, n'kuyenda mpaka pa ngodya ya msewu wathu ndi kubwerera, ngakhale masiku amene m'kamwa munkamveka chitsulo ndipo phala linkakana kutsika.

Tsiku la 29 Meyi silidzachoka m'mutu mwanga. Ndinali nditalandira mankhwala ulendo wachitatu masiku ochepa m'mbuyomo, tsitsi litathothoka lonse, ndipo ndinagona pampando wa pabalaza nditafunda bulangete nyengo yotentha, beseni lili pambali. White Sox inkasewera ndi Los Angeles Angels pa bwalo la Guaranteed Rate Field. Pofika chigawo cha 8 chitseko cha bullpen chinatseguka ndipo anatuluka a Hendriks atavala nambala yawo 31, bwalo lonse litaimirira. Atafika pa kachulu koponyera anaima kanthawi akuyang'ana anthu mbali zonse, maso ali jenjenje ndi misozi, ndipo womenya wa Angels anayamba wapatuka kuti m'manja muombedwe mokwanira. Mayi a kunyumba, amene baseball sawerengera n'komwe, anasiya mbale kukhitchini n'kudzaima kumbuyo kwanga atandigwira paphewa. Mpira woyamba unali strike, kutanthauza kuti unawerengedwa mokomera woponya. Kenako zinthu zinavuta, Angels inapeza ma run, zigoli za baseball, awiri pa iwo, ndipo White Sox inagonja 6-4. Kwa ine kuvutako kunali ndi phindu lalikulu kuposa chipambano, chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti munthu wochira amabwerera mphamvu zisanakwane, amapunthwa pamaso pa anthu, ndipo mawa lake amakhalanso pa bullpen kudikira kuitanidwa.

Pa 4 Juni, tsiku limene ku America amakumbukira anthu opulumuka ku khansa, anaponya chigawo cha 9 polimbana ndi Detroit Tigers osalola womenya aliyense kufika pa base, ndipo Jake Burger wa White Sox atamenya grand slam, kumenya kumodzi kobweretsa ma run anayi, yothetsa masewero, chipambano chinalembedwa m'dzina lawo. Patatha masiku awiri anatseka masewero ku New York polimbana ndi Yankees. Chimwemwecho sichinakhalitse, pakuti chigongono chinayamba kuwawa atangosewera masewero 5 okha, ndipo kumayambiriro kwa Ogasiti anachitidwa opaleshoni ya mtsempha wa chigongono yotchedwa Tommy John, imene imamukhazika woponya pansi chaka chathunthu kapena kupitirira. Nkhani imeneyi inandipweteka ngati yachitikira mbale wanga, chifukwa inafika nthawi imene ine ndinali nditangomaliza mankhwala ulendo wa 6 ndipo ndinkaganiza kuti munthu akawoloka mtsinje umodzi ndiye kuti wafika. Chaka chomwecho analandira mphoto ya Jimmy V, yolemekeza kupirira, pa mwambo wa mphoto za masewero wotchedwa ESPY, komanso ya wosewera wobwerera mwamphamvu mu American League, ndipo ine ndimaona kuti masewero 5 amenewo anaziyenereradi mphotozo. Ndalama zoposa madola 100,000 zochokera ku malaya ogulitsidwa m'dzina lawo zinapita ku Lymphoma Research Foundation, bungwe lofufuza za matenda omwewa amene anandigwira ine.

A Hendriks, Chichewa simuchimva ndipo mawu awa mwina sadzakupezani, komabe ndikuti zikomo kwambiri chifukwa chosabisa matenda anu, ndi chifukwa cholola kuti anthu akuoneni mukubwerera musanalimbe bwinobwino. Zikomonso kwa mayi Kristi, akazi anu, amene anaima nanu mmene mayi a kunyumba kwanga anaimira nane.

Nanenso ndinali ndi bullpen yanga. Mayi a kunyumba ananyamula machira zigawo zonse zoyamba, ndipo mapewa atalema munalowapo inu. Amayi a kumpingo munkalandirana kubweretsa nsima ndi ndiwo Loweruka lililonse, ndipo mwana wanga wamng'ono mpaka lero amakumbukira nyemba zanu. Achimwene amene munkandiperekeza kuchipatala mutangoweruka ntchito ya usiku, n'kumagona m'galimoto maola onse amene ndinali pa diripi, Mulungu akudalitseni. Alamu anga munasamalira mayi kumudzi osandiuza mavuto mpaka nditachira. Anamwino a ku chipinda cha chemo, amene mmodzi wa inu ankandisinthira kanema kuti ndionere White Sox, ndikukuthokozani nonse.

Mu Febuluwale 2024 a Hendriks anasaina mgwirizano wa zaka ziwiri ndi Boston Red Sox, pa nthawi imene ankalimbitsabe chigongono chawo. Ndakhala wa White Sox chifukwa cha gogo uja ndipo sindisintha, koma ndinadzilonjeza kuti tsiku limene chitseko cha bullpen cha ku Fenway Park, bwalo la Red Sox, chidzawatsegukire ndidzakhala pampando womwe uja ndikuombera m'manja. Ine ndibwerera ku ntchito Lolemba likubwerali, ndipo ndapempha kuti ndiyambe ndi maola ochepa.