Mbande zanga za spidery wattle, sabata ya 11

Lero m'mawa ndisanapite ku ntchito ndinagwada pakhonde kuyang'ana machubu omwe muli mbande zanga, nde ndinaona kambande kamodzi katulutsa kaulusi kobiriwira, kowonda ngati singano yosokera mphasa, kangoima chilili pamwamba pa timasamba tija. Basi ya 7 koloko inandipita ndikadali pomwepo.

Amene mwangondipeza kumene, chomwe ndikulera ndi kamtengo kotchedwa Acacia araneosa, kuno ku Australia amati spidery wattle kapena Balcanoona wattle. Kutchire kamapezeka kadera kochepa zedi m'chigawo chakumpoto cha mapiri a Flinders Ranges, cha ku Arkaroola ndi Balcanoona, dziko la anthu a Adnyamathanha, makilomita pafupifupi 600 kuchokera kuno ku Adelaide. Ndi mapiri a miyala okhaokha, mvula yake yosadalirika. Boma linakaika pa mndandanda wa zomera zomwe zili pachiopsezo, ndiye sungangopita n'kukathyola nthanga opanda chilolezo, zanga ndinachita kugula kwa ogulitsa mbewu za mitengo yachilengedwe.

Ndinali ndi nthanga 20. Khungu lake ndi lolimba ngati mwala, ukangokwirira choncho utha kudikira mpaka kutopa, nde ndinawiritsa madzi m'ketulo, ndinawasiya pang'ono, n'kuthira pa nthangazo m'kapu zigone usiku wonse. Mawa lake 14 zinali zitafufuma, zotsalazo ndinazipala pang'ono ndi sandipepa n'kuzinyikanso. Zinamera 12.

Pano zatsala 7, ndipo zisanu zinazo ndinapha ndi madzi. Ine ndinakulira kudimba kwa agogo komwe mbande ya tomato umaithirira m'mawa ndi madzulo, dzanja linazolowera keni, ndiye ndimati ndikaona dothi layera pamwamba mtima umandiwawa ndithirepo. Zinayamba kuwola patsinde penipeni pomwe pagundana ndi dothi, kuda bii, kenako gwa! Zinandipweteka kwambiri. Ndinasintha dothi lonse, pano ndi mchenga wokhakhala wosakaniza ndi timiyala komanso kompositi pang'ono chabe, ndipo ndimayamba ndapisa chala mpaka mfundo yachiwiri, kukakhala kachinyezi ndimabweza keni. Chiyambire pamenepo sipanafenso ngakhale kamodzi.

Koma za kaulusi kaja. Mbandezi zikamamera masamba oyamba amakhala a nthenganthenga, ukawaona umangoti mthethe kapena msangu wakumudzi uja, tsiku loyamba ndinakumbuka kwathu mpaka misozi inalengeza. Kenako chomeracho chimasiya masamba amenewo, phesi la tsamba ndi lomwe limatalika n'kumagwira ntchito ya tsamba, amati phyllode. Kwa araneosa timaulusi timeneti timafika masentimita 30, tina kupitirira, timalendewera ngati ukonde wa kangaude, dzina lakelo likuchokera pamenepo. Ku malo ouma chonchija tsamba lotambalala lingataye madzi ambiri.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'choti kutchire kuja timbande ngati tangati timadyedwa ndi akalulu ndi mbuzi zolowerera kutchire tisanafike pena paliponse, mitengo ikuluikulu ilipo koma ana ake kuti akule ndi nkhondo. Ine pakhonde pano mdani wanga ndi nkhono basi, usiku ndimatuluka ndi tochi kukazitola, ndayikanso neti pamwamba.

Feteleza sindinathire ndipo sindikufulumira, m'chubu chimodzi chomwe ndinakhuthula ndinaona timatuza ting'onoting'ono pa mizu ngati tija ta nyemba ndi mtedza, nde chakudya china ikudzipangira yokha. Mizu yayamba kusuzumira pansi pa machubu awiri. Wikendi ino ndikagula mapoto ataliatali, ndisamutse awiriwo kaye ndione ngati apirire, enawo adikire.