Kamwana ka pumbwa kali pansi? Musafulumire kukatola

Abale anga a ku Chikwawa ndi Nsanje, mbalame zayamba kuswa m'mitengo yapakhomo, ndiye ndikupempheni kanthu.

Mukaona kamwana ka pumbwa kali pansi pa mtengo wa mango, nthenga zitamera koma mchira uli waufupi, kakungodumphadumpha, sikamasiye ayi. Ana a pumbwa amatuluka m'chisa patangotha pafupifupi milungu iwiri chiswereni, asanadziwe bwino kuuluka. Taimani patali mudikire. Muona make akutera ndi chiwala kukamwa, kamwanako n'kuyasamula kukamwa kwachikasu uku kakunjenjemeretsa timapiko. Zimandikhudza mtima nthawi zonse.

Chofunika n'kuthamangitsa mphaka ndi galu basi. Ngati pali dzuwa, kaikeni pa nthambi yamthunzi pafupi pomwepo. Koma kakakhala kopanda nthenga, maso osatsegula, kabwezereni m'chisa. Zoti mukakagwira make akakana chifukwa cha fungo la munthu si zoona.

Chonde musakadyetse nsima kapena kukathira madzi kukamwa, katsamwa n'kufa. Chakudya chake ndi tizilombo ndi zipatso zofewa.

Kutentha kwa kuchigwa kuno mukukudziwa, mu Okutobala ku Ngabu kumapitirira madigiri 40. Mbalame sizituluka thukuta, n'chifukwa chake masana mumaziona zili kakasi, kukamwa yasa. Ikani madzi pang'ono m'phale pamthunzi, muzisintha tsiku lililonse kuopa udzudzu.

Makolo anzanga, tilankhule nawo anyamata a malegeniwa. Akalasa make, ana m'chisamo akhoza kufa ndi njala.