Seva inali yanga koma filimu anaonera alandilodi

Inu amene muli ndi ana mukudziwa kuti mwana saonera katuni kamodzi n'kukhuta. Yomweyo lero, yomweyo mawa, mpaka iwe bambo wamkulu umapezeka ukuimba nyimbo yake mu minibasi osadziwa, ndipo ulendo uliwonse bandulo ikupita. Kwathu zinafika poti mwezi usanafike pakati rauta yayamba kale kuphethira kofiira, madamu akuyang'ana ine, ine ndikuyang'ana ana, ana akuyang'ana foni.

Nde pa Khirisimasi anabwera alamu anga a ku Joni, aja amakonza makompyuta, atanyamula laputopu yosweka sikirini ndi hadi disiki ya 2TB. Akuti alamu ichi musachione kusweka nkhope, mkatimu ndi chamoyo, tichisandutsa seva. Ine seva ndinkadziwa ya ku banki yokha, ija imagwa tsiku la malipiro. Anandifotokozera kuti pali mapulogalamu ngati Plex, Emby ndi Jellyfin, umaika pa kompyuta ya pakhomo, umailozera pomwe pali mafilimu ako, basi foni iliyonse ndi TV m'nyumbamo zimakoka kuchokera pamenepo kudzera pa waifai, osadutsa pa intaneti, bandulo osakhudzidwa. Imakuikira ndi zithunzi za mafilimu bwinobwino, imakumbukanso pomwe unalekezera tulo titakugwira. Mawu oti bandulo osakhudzidwa ndi amene ndinamva, ena onsewo ndimangogwedeza mutu.

Koma alamu anga ndi aja akayamba nkhani ya chinsinsi pa intaneti nsima imazizira. Akuti mukudziwa zomwe zinachitika mu November 2023? Plex inayamba kutumizira anthu maimelo a sabata ndi sabata owauza zomwe anzawo aonera, anthu ena n'kudzidzimuka kuti mnzawo waulemu wake usiku amaonera zinthu zosatchulika pagulu, kunali phokoso. Chaka cha 2022 mu August akuba a pa intaneti analowanso m'nkhokwe ya kampani yomweyo n'kufika pa maimelo ndi mayina a anthu, aliyense anauzidwa kuti asinthe pasiwedi. Jellyfin akuti inabadwa mu December 2018 anthu atakwiya kuti eni ake a Emby atseka khodi yawo, zolemba zomwe zimapanga pulogalamuyo, kuti ena asamaione, nde anatenga yakale ija n'kupitiriza paokha, yaulere, yosafuna akaunti ku kampani iliyonse. Ine ndinaseka mpaka misozi nkhani ya maimelo ija, ndikuti azunguwa nawonso, zako zomwe, m'nyumba mwako momwe, n'kukaululidwa ndi imelo kkkk. Sindikuuzani kuti ife tinaika iti, chifukwa pulogalamuyo ilibe mlandu, inachita zomwe inauzidwa, ndipo amene anali mphunzitsi ndi alamu, mfundo imeneyo muisunge.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlaliki. Ku ntchito wina akangotsegula YouTube ine ndafika, ndikuti amwene mukudziwa kuti ku America akudziwa zonse mukuonerazo? Ine zanga zili pansi pa tebulo kuchipinda, palibe mzungu akuziona. Anthu anayamba kundithawa pa lanchi.

Pano ndifotokoze za pomwe timakhala. Ndi mumpanda ku Area 25, nyumba yaikulu kutsogolo ndi ya alandilodi, mdala wopuma ntchito m'boma, mkulu wa mpingo, ife tili kuseri. Rauta ndi yanga koma tinagwirizana kalekale kuti iwo aziponya theka la bandulo pamwezi, pasiwedi imodzi tonse. Zinkayenda bho.

Alamu atabwerera ku Joni panatsala zinthu ziwiri zoti ndimalize ndekha. Choyamba pulogalamu ija inafunsa kuti mafilimu ali mu foda iti. Mafoda anali ambirimbiri, ena mkati mwa anzawo, nthawi ndi usiku, nde ndinangoilozera disiki yonse, pa mafilimu disiki yonse, pa zithunzi ndi mavidiyo a pakhomo disiki yonsenso, izisankha yokha si ndi kompyuta. Chachiwiri TV yathu ndi zija zimati ndi smart koma zosalola kuika apu iliyonse, nde alamu anatumiza voice note kuti yatsani DLNA, TV iiona yokha seva. Ndinayatsa, ndipo zoonadi TV inaiona pompo, osafunsa dzina osafunsa pasiwedi. Ndinaomba m'manja.

Zomwe voice note ija sinanene n'zoti DLNA anaipanga choncho dala. Inayambitsidwa mu 2003 ndi makampani a zamagetsi ngati Sony kuti zipangizo za m'nyumba imodzi zizigawana nyimbo ndi mavidiyo mosavuta, ndipo maganizo ake ndi oti chilichonse chomwe chili pa netiweki imodzi ndi cha pabanja. Ili ngati nsima ya pamaliro, aliyense walowa pa geti amangosamba m'manja, palibe womufunsa kuti ndinu a kwa ndani. Seva imalengeza yokha kuti ndilipo kuno, TV iliyonse yolumikizidwa pa waifai yomweyo imamva. Iliyonse.

Ndipo mu disiki muja, pakati pa makatuni, munali foda yomwe ndinkakhuthuliramo foni yanga ikadzadza.

Patapita masabata ndinatsegula tsamba lija la mwini seva, lomwe limaonetsa kuti chipangizo chiti chikuonera chani nthawi yanji. Ndinkalikonda chifukwa ndi mmene ndinagwirira mwana wanga wamkulu akuonera katuni 11 koloko usiku atafunda bulangete kumutu. Tsiku limenelo ndikuona TV ina ya Hisense, pamene yathu si Hisense, ndipo ikubwera madzulo aliwonse nkhani za pa wailesi zikangotha. Mtima unagunda. Ndinadzutsa madamu ndikuti mayi, atilowa, awa ndi a ku Russia awa. Madamu akuti a ku Russia asiye zonse za padziko azifuna makatuni a ana anu? Gonani abambo.

Sindinagone. Ndinajambula sikirini kutumizira alamu, iwo anayankha m'mawa kuti alamu onani manambalawo, akuyamba ndi 192.168, amenewo ndi manambala a m'nyumba, sachokera kunja, wakubayo ali mumpanda momwemo. Kenako anafunsa kuti kodi waifai mumagawana ndi ndani. Kenako anatumiza zimaemoji zoseka zokhazokha mzere wonse osalembanso mawu.

Ndinabwerera pa tsamba lija kuti ndione kuti Hisense yakhala ikuonera chani, ndikupemphera kuti akhale makatuni. Makatuni analipo, masana, adzukulu. Koma madzulo inkatsegula fayilo imodzi mobwerezabwereza, dzina lake "lendi final 2". Pulogalamu ija imatenga dzina la fayilo n'kukafufuza pa intaneti kuti ndi filimu yanji, nde itasowa inangoimata chithunzi cha filimu ina ya mzungu atanyamula mfuti kumbuyo kukuyaka moto. Ndikukhulupirira mdala anaitsegula akuyembekezera zipolopolo.

Mkati mwake munali ine. Chaka chatha lendi itandithina ndinkayeserera pa kamera zokanena kwa alandilodi, kuti ndione ngati nkhope ikuoneka yomvetsa chisoni mokwanira. Poyamba ndimalankhula mwaulemu, bambo zinthu zavuta, malipiro achedwa, ndinu kholo lathu. Kenako madamu amene anagwira foni akumveka akuti onjezerani chisoni, mukuoneka okhuta. Ndikubwereza, mawu akunjenjemera. Kenako satana anandilowa, ndinavala chipewa, kukweza thalauza mpaka pachifuwa, manja kumbuyo, n'kuyamba kuyenda mmene amayendera mdala akamayendera mpanda wake, ndi kachifuwa kake kaja amatsokomola kawiri asanatchule ndalama, ehe ehe, a tenanti, mwezi watha. Madamu akuseka mpaka kamera ikuonetsa denga.

Loweruka m'mawa kamdzukulu kanabwera kudzagogoda, akuti agogo akuti mubwere mudzamwe tiyi ndi amayi omwe. Zaka zonse takhala pamenepo sitinaitanidwepo tiyi. Madamu anati mutu ukuwapweteka, ndinawauza kuti mawu anu ali mu filimuyo mayi, tiyeni.

Tinapeza pabalaza pali alandilodi, mayi a kunyumba kwawo, ndi azibambo awiri a ku mpingo oti anangodutsa. Tiyi wamkaka, mandasi, ulemu wonse. Moni, ana ali bwanji, mvula chaka chino. Kenako mdala anaika kapu pansi n'kutsokomola kawiri, ehe ehe, akundiyang'ana m'maso, azibambo aja mapewa anayamba kugwedezeka. Akuti a tenanti, sitinkadziwa kuti tikusunga katswiri wa zisudzo kuseriku, talente ngati imeneyi kuibisa ndi tchimo. Anatenga rimoti.

Abale kudziona wekha pa TV yaikulu uli pakati pa akuluakulu a mpingo, ndasi lili m'kamwa, silimezeka. Mayi landilodi anali ndi malo awo okonda, akuti bwezani pamene akukweza thalauza paja, bwezaninso. Mmodzi wa azibambo aja anati koma kayendedweko wakutengani ndithu akulu, mdala anamuyang'ana, anasiya.

Ine ndimaganiza kuti zathera pomwepo, eti kunali gawo lachiwiri. Anatuluka mu mafilimu kulowa mu zithunzi, ndipo rimoti amaidziwa mdala uja kuposa ine. Chithunzi cha chitupa changa cha unzika mbali zonse ziwiri, chomwe ndinajambula polembetsa simu. Chithunzi cha payslip ya mwezi womwe uja ndinalira kuti malipiro achedwa, deti likuoneka, ndalama ikuoneka, ndi ka alawansi komwe ngakhale madamu sankakadziwa, nde apa anthu ondiyang'ana moipa anakhala awiri. Pomaliza kavidiyo kakafupi, ine ndili pamwamba pa mtengo wa mapeyala wa alandilodi, ana pansi atatambasula chitenje, ndikunong'ona kuti fulumirani asanabwere ku tchalitchi. Mapeyala amenewo mlandu wake unagwera mphepo, ndipo amene anachitira umboni kuti usiku umenewo kunawomba chimphepo ndinali ine.

Apa ndinaona kuti ndikufa, ndinaganiza zofera pa malamulo. Ndinati bambo, ndi ulemu wonse, dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo amene amaliyang'anira ndi a MACRA, zinthu za munthu sizionedwa popanda chilolezo chake. Mdala anamvetsera mpaka ndamaliza, akuti zoona a tenanti, lamulo ndi lofunika. Ndiye mupite ku MACRA mukanene kuti TV yanga, m'nyumba mwanga, pa waifai yomwe ndimalipira theka, yandionetsa mapeyala anga. Ndikuperekezani, thiransipoti ndilipira.

Madamu anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Usiku umenewo alamu anagwira ntchito pa video call mpaka mochedwa, akuseka pakati pa sentensi iliyonse. Tinazimitsa DLNA, foda ya foni tinaichotsa kuiika pa fulashi yomwe pano imagona mu sutikesi, seva tinailozera foda ya mafilimu yokha, aliyense m'nyumba tinamutsegulira akaunti yake ndi pasiwedi yake, ya ana yongoona makatuni. Pa rauta tinayatsa netiweki ya alendo, ija imapatsa munthu intaneti koma osamulola kuona zipangizo zina za m'nyumba, alandilodi tinawasamutsira kumeneko. Alamu anawonjeza kuti ndisayerekeze kutsegula ma port, timakomo tolowera kuchokera kunja, pa rauta kuti ndizionera ndili ku ntchito, chifukwa apo ndiye a ku Russia enieni abwera, ndipo pulogalamu ndiziipanga update, anandikumbutsa za kampani yosunga mapasiwedi ya LastPass yomwe inabedwa mu 2022 akuba atadzera pa seva ya mafilimu yakalekale ya pakhomo pa wantchito wawo. Ndinawafunsa kuti zonsezi bwanji simunanene pa Khirisimasi, akuti netiweki ikuduka alamu, sindikukumvani.

Mtendere unakhala masiku ochepa. Adzukulu a alandilodi anayamba kulira makatuni, ndipo kulira kwa mdzukulu wa landilodi kumamveka mpaka pa lendi. Mdala anabwera yekha, akuti zija mwatsekazi tsegulani mbali ya ana. Ndinawabwezera pa netiweki yathu, kuwatsegulira akaunti yawo pa tabuleti ya adzukulu, pasiwedi anasankha okha.

Nde ndikutsegula tsamba langa lija sabata yotsatira ndikuona akaunti ya alandilodi masana makatuni, chabwino. Koma 1 koloko usiku, 2 koloko usiku, tabuleti ili yakaliyakali pa ma series achikondi aja a madamu, aja mtsikana wosauka amakondedwa ndi mwana wa bwana, gawo pa gawo osapumira, gawo la ukwati analibwereza. Munthu yemweyo amene amati akadzuka usiku amakhala akuwerenga Masalimo.

Sindinanene kanthu. Kungoti tsiku la lendi atabwera, manja kumbuyo, atangoti ehe koyamba, ndinawafunsa mwaulemu kuti bambo, mwafika pamene mayi ake a mnyamata uja atulukira kuti mwana si wake? Chifuwa chachiwiri sichinatuluke. Anayang'ana ku nyumba kwawo, anayang'ana ine, n'kutsitsa mawu.

Akuti kodi chimakina chanucho chimaonetsa zonse?

Ndinati zonse bambo, ndi nthawi yomwe.

Anaima kaye pang'ono, kenako akuti lendi mubweretse pa 10 palibe vuto, koma musandiuze mathero ake, ndatsala ndi magawo anayi.