Chimbale chatuluka: zikomo nonse, makamaka Amalume

Abale ndi alongo, chimbale chija chatuluka. Muli nyimbo 10, zonse timayimba awiri, ine ndi bambo akunyumba, ndi gitala ndi banjo basi. Thupi latheratu, mawu asasa, koma sindingagone ndisanathokoze. Ambuye alemekezeke.

Zomwe tinadutsamo mukuzidziwa, sindibwereza zonse. Mu March 2023, matope a namondwe wa Freddy atatsika m'phiri la Soche, ife ku Chilobwe tinatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Gitala ya bambo, laputopu momwe munali nyimbo zomwe tinali titajambula kale, kope langa la mawu a nyimbo, zonse zinapita. Anansi athu ena tinawaika m'manda, ena sanapezeke mpaka lero, ndiye za gitala sitinkazitchula n'komwe. Ungalire bwanji gitala pakati pa anamfedwa? Bambo anangoti zii. Munthu amene ankadzuka ndi nyimbo pakamwa anakhala miyezi osayimba ngakhale kutchalitchi, ndipo ine zimenezo zinkandiopsa kuposa njala.

Amalume. Ndiyambire pati? Si abale athu a magazi. Ndi bambo achikulire amene amakonza magitala ndi mawailesi pakhonde pawo ku Ndirande, ndipo ankayimba m'mabandi ife tisanabadwe. Anatipeza kumsasa, kusukulu komwe tinkagona m'kalasi, atakwera kabaza, atanyamula gitala yokulunga m'chitenje cha malemu akazi awo. Sanachulutse mawu opepesa. Anangoiika pamiyendo pa bambo n'kunena kuti tiwasungire, chifukwa kwawo yakhalitsa osalira. Bambo sanaikhudze tsiku limenelo. Amalume anabweranso, n'kubweranso, osafunsa za gitala, kumangocheza za mpira ndi mitengo ya chimanga, mpaka madzulo ena ndinamva nsambo zikulira kuseri kwa kalasi. Amalume, Mulungu yekha ndiye adzakulipireni zimenezo.

Titapeza kanyumba ka lendi, ndi iwo amene anati tisalimbane ndi kukumbukira zomwe zinapita ndi madzi, tiyambe zatsopano. Ife tonse tinakulira pa nyimbo za country. Kwathu wailesi ya MBC ikaika Jim Reeves kapena Don Williams, bambo anga ankatiletsa phokoso. Koma kuzikonda n'kwina, kuziyimba awiri n'kwinanso. Ife tinkangoyimba mzere umodzi, ine pamwamba bambo pansi, n'kumati tikugwirizana. Amalume anatikhazika pamphasa, n'kutulutsa malekodi awo akale a Porter Wagoner ndi Dolly Parton, anthu amene anayimba limodzi kuyambira 1967 mpaka 1974, n'kutiuza kuti tisamvere mwamunayo, timvere pomwe mkaziyo akulowera. Sayenda m'mapazi a mnzake. Ali ndi kanjira kakekake pamwamba pang'ono, koyandikana kwambiri, ndipo akafika kumapeto kwa mzere onse amatsekera pamodzi. Anatiphunzitsa kupumira malo amodzi. Anatiphunzitsa kuti ndime ina ayimbe bambo okha, ine ndiwayankhe ndime yotsatira, tidzakumane pa kolasi, kuti womvera amve kuti ndi anthu awiri akukambirana nkhani ya m'nyumba mwawo. Ndikalakwitsa sankakalipa, ankangobweza singano pa lekodi.

Za mawu a nyimbo ndiye anali okhwima. Anati azungu aja ankayimba za umphawi wawo, ndende zawo, mowa, sitima zapamtunda ndi Mulungu wawo, ndiye ife tisabwereke misozi ya eni pomwe yathu ilipo. Mudzamva nyimbo ya mayi wodikira mwana amene anapita ku Joni n'kusiya kuyimba foni. Mudzamva ya mwamuna ndi mkazi akukangana za ndalama ya feteleza, kenako n'kugwirizana. Ya usiku wa ku Chilobwe tinaiika kumapeto. Imeneyo sinditha kuimvera mpaka pano.

Kamvekedwe kolira kaja, komwe ku Nashville, kuchimake kwa nyimbo za country ku America, amakatulutsa ndi gitala yotchedwa steel guitar, ife tinalibe pokapeza. Amalume anaseka, n'kugoneka gitala chagada pamiyendo, n'kutenga kabotolo kakang'ono ka mankhwala n'kumakatsetsereza pansambo. Anati achikulire akuno ankayimba chomwecho kalekale, ndiyo hauyani imeneyo. Zala zawo n'zotupa ndi nyamakazi, koma kabotolo kaja katayamba kuyenda, mnyamata wojambula anavula mahedifoni n'kuwayang'anitsitsa. Mukadzamva gitala ikulira m'chimbalemo, dziwani kuti ndi manja a Amalume.

Tinajambulira m'chipinda chawo chogona, titatsamiritsa matiresi ndi mabulangete kumakoma. Mayikolofoni inali imodzi, ine mbali ino bambo mbali iyo, kuyang'anana. Mmodzi akaphonya, tonse tibwerere poyambira. Masana sizinkatheka chifukwa cha chigayo chapafupi, ndiye tinkadikira usiku, ndipo magetsi akazima tinkangokhala mumdima kudikira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa nsambo unakwera moti bambo anati tiyambe taima. Amalume anamasula nsambo zakale zonse, n'kuziwiritsa m'poto pambaula, n'kuziyanika pachingwe cha zovala, n'kuzimanganso. Zinalira. Nyimbo zina m'chimbalechi tinajambula ndi nsambo zowiritsa zimenezo.

Ena ndikuthokozeni mwachidule, musandione ngati ndachepetsa. Mayi anga ku Thyolo, munasunga ana nthawi yonseyi osadandaula, zikomo amayi. Achemwali ku Johannesburg, mayikolofoni ija munatumiza pabasi ndi yomwe yagwira ntchito yonse. Amayi a Mvano, munatipatsa ziwiya ndi zofunda tilibe kalikonse. Anzanga a banki m'khonde, munandibwereka podziwa kuti ndilibe chikole, ndipo ndikachedwa kubweza simunandichititse manyazi pagulu. Achimwene amene munajambula ndi kusakaniza mawu, munalandira theka la mtengo wanu ndipo munagona pansi limodzi nafe. Bambo a ana anga, zikomo chifukwa munavomera kuyimbanso. Ndikudziwa kuti sizinali zophweka.

Alipo ena amene tili kumsasa anabwera kudzajambulitsa nafe zithunzi, n'kulonjeza situdiyo, n'kulonjeza gitala, koma kuchokera tsiku lomwelo foni zawo sizinayankhidwenso. Alipo amene anatiuza pamaso kuti country ndi nyimbo za nkhalamba, palibe angagule. Zinandipweteka, sindinama. Sindikusunga chakukhosi, ndakupemphererani, koma amene anaima nafe ndikuwadziwa.

Ndibwererenso kwa Amalume, mundikhululukire. Anakana ndalama. Anakana kuti dzina lawo lilembedwe pachikuto, n'chifukwa chake panonso sindikulitchula. Chimodzi chokha anatiumiriza: kuti tikalembetse nyimbo zonse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, chimbale chisanafike m'manja mwa munthu aliyense. Iwo pa unyamata wawo anapeka nyimbo zomwe anthu anavina m'maukwati ndi m'mabala, koma sanaonepo ngakhale tambala, ndipo anati safuna zimenezo zitichitikire ife. Anatiperekeza okha, ndodo ili m'manja. Ambuye Yesu, Inu amene mumaona zochitika mseri, akumbukireni bambo amenewa. Atalikitsireni masiku, achotsereni ululu m'zala zawo.

Maso awo ayamba kuchita ng'ala, moti pokonza wailesi amadalira mdzukulu kuti awawerengere timanambala. Ine ndi bambo tagwirizana kuti ndalama zoyamba za chimbalechi zipite kumeneko, akaonedwe ndi madokotala a maso. Akana, tikudziwa, koma ulendo uno sitiwamvera. Choncho mukafuna chimbale musachite kukopera kwa mnzanu, tipezeni ife eni ake, chilipo pa CD ndi pa flash. Tsiku lokhazikitsa tikuuzani abusa akatiyankha za holo. Amalume avomera kudzayimba nafe nyimbo imodzi ndi kabotolo kawo, ndiye bwerani mudzawagwire chanza nokha.